Chiwindi m'bokosi la ayezi: chifukwa chake sichingadikire ndege ya mawa

Wodwala akafika poti mimba yadzaza madzi, maso achita chikasu, ndipo madokotala anena kuti chatsala n'kumuika chiwindi cha munthu wina, achibale amafunsa funso lofanana, kaya achokera ku Chipoka kaya ku Dwangwa: bwanji osangoitanitsa chiwindicho kunja, chibwere pandege m'bokosi la ayezi monga amabwerera mankhwala? Funsoli n'lomveka ndithu. Anthu a kunyanja amaidziwa ntchito ya ayezi kuposa ambiri. Chambo chogwidwa m'mamawa ku Senga Bay chimakafika ku Lilongwe chili bwinobwino bola wamalonda wayala ayezi wokwanira. Koma chambo cha m'bokosi chinafa kale, ndipo wamalonda akungochiteteza kuti chisaole. Chiwindi chiyenera kukafika chili moyo, n'kuyamba ntchito m'thupi la munthu wina nthawi yomweyo akangochisoka.

Kuno ku Malawi opaleshoni yoika chiwindi sichitika. Ku South Africa imachitika, mu mzinda wa Johannesburg ndi wa Cape Town, ndipo odwala ambiri a kuno amene apeza mwayi amatumizidwa ku India. Kumayiko onsewo ziwindi za anthu omwalira n'zochepa poyerekeza ndi odikira, moti eni dziko ndi amene amakhala patsogolo. Komabe ngakhale chitapezeka, chimene chingachilepheretse kufika kuno ndi nthawi.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana lita imodzi ndi theka, gawo limodzi mwa magawo anayi a magazi onse amene mtima umapopa. Magaziwa amalowa m'njira ziwiri. Ochuluka amabwera mu mtsempha waukulu wochokera kumatumbo, wotchedwa portal vein, atanyamula chakudya. Ochepa otsalawo amabwera mu mtsempha wopyapyala wochokera kumtima, wotchedwa hepatic artery, ndipo ndi odzaza okosijeni. Mtsempha wachiwiriwu muukumbukire, ukubweranso m'nkhaniyi.

Selo lililonse la chiwindi lili ndi timapampu pakhoma pake, totulutsa mchere wa sodiyamu kunja n'kusunga potaziyamu m'kati. Timapamputi timayendera mphamvu yotchedwa ATP, imene yochuluka yake imapangidwa pokhapokha okosijeni akufika. Magazi akaleka kuyenda, ATP imatha m'mphindi zochepa. Timapampu timaima, sodiyamu amalowa, madzi amamutsatira, selo limafufuma. Asidi amachuluka. Ngati chiwindicho chili pa kutentha kwa thupi, madigiri 37, pakangodutsa theka la ola chimakhala chayamba kale kuwonongeka kwambiri.

Apa ndi pamene ayezi amagwira ntchito. Kutentha kukatsika ndi madigiri 10, ntchito za m'maselo zimachepa pafupifupi ndi theka. Pofika madigiri 4 chiwindi chimangofuna gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene chimafuna m'thupi. Koma gawo limodzilo likufunikabe, ndipo m'bokosimo mulibe woliperekera. Chiwindi cha mu ayezi chikudya nkhokwe yake pang'onopang'ono, ngati banja limene layamba kudya kamodzi patsiku m'Januwale: chimanga chikuthabe, kungoti chikutha mochedwa. Komanso kuzizira pakokha kumapweteka, makamaka timaselo topyapyala toyala m'kati mwa timitsempha ta chiwindi. Choncho luso lonse la kasungidwe ka chiwindi lagona pa zinthu zitatu: kuchiziziritsa msanga, kuchotsamo magazi n'kulowetsamo madzi oletsa kufufuma, ndi kufupikitsa ulendo.

Ziwindi zambiri zimachokera kwa anthu amene ubongo wawo wafa, mwina chifukwa cha ngozi ya pamsewu kapena kuphulika kwa mtsempha wa m'mutu, koma mtima ukugundabe chifukwa makina akuwapumira m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Madokotala amene amatsimikiza imfayo amakhala osiyana ndi amene adzachotse ziwalo, ndipo banja limafunsidwa. Ubwino wa wopereka wotere ndi wakuti chiwindi chimalandira magazi mpaka mphindi imene madokotala asankha okha.

Ku fiyeta, dokotala amatsegula kuyambira pachifuwa mpaka pansi pa mchombo, n'kuyamba wachiona chiwindicho ndi kuchikhudza. Chabwino chimakhala chofiirira, chofewa, m'mphepete mwake mosongoka. Chamafuta chimakhala chotuwa mwachikasu, m'mphepete mobulungira, ndipo ukachidina ndi chala pamatsala kadzenje. Kenako amafufuza mitsempha, poti si anthu onse amene hepatic artery yawo imayenda mofanana. Ena ali ndi kamtsempha kowonjezera kochokera kwina, ndipo kuduka kwake mosazindikira kungaphe mbali ina ya chiwindi. Thumba la ndulu amaling'amba n'kulitsuka. Zonse zikakonzeka amabaya wopereka mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa heparin, pafupifupi mayunitsi 300 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, n'kudikira mphindi zingapo kuti azungulire. Amalowetsa chubu chachikulu mu aorta, mtsempha waukulu wotsika kumimba, cham'munsi. Ndiye pamabwera mphindi imene aliyense m'chipindamo amayang'ana wotchi: aorta amaipana cham'mwamba, madzi ozizira amatsegulidwa, mtsempha wobwezera magazi kumtima amaudula kuti magazi otentha atuluke, ndipo m'mimba monse amathira ayezi wophwanyaphwanya wopanda tizilombo. Nthawi imeneyo imalembedwa, ola ndi mphindi, chifukwa kuwerenga konse kumayambira pomwepo.

Madzi amalowa malita atatu mpaka asanu, kapena kupitirira apo malingana ndi mtundu wake, mpaka otuluka aleke kuoneka ofiira. Chiwindi chotsukika bwino chimasanduka chotumbululuka ponseponse. Chikakhala cha mawangamawanga ndiye kuti mwina madzi sanafike mbali zina, ndipo magazi otsalirawo adzatseka timitsempha. Apa dokotala sayenera kuchedwa. Ngakhale m'mimba mwadzaza ayezi, pakati pa chiwindi sipazizira mokwanira chikadali m'thupi, choncho mphindi iliyonse yochichotsa mochedwa imadya nkhokwe ija mofulumira. Akachitulutsa amachiika m'beseni la madzi ozizira pa tebulo lapadera, n'kutsukanso portal vein, hepatic artery, komanso njira ya ndulu. Kutsuka njira ya nduluyi kumaoneka ngati kantchito kakang'ono, koma ndulu yotsalira imawotcha khoma la njira zake chiwindi chikakhala chozizira.

Madzi otsukirawo si dilipi wamba. Dilipi ya madzi amchere imene timaidziwa m'zipatala zathu ingafufumitse maselo, chifukwa ili ndi sodiyamu wambiri pamene timapampu taima. Mu 1969 Geoffrey Collins anapanga madzi otsanzira za m'kati mwa selo, a potaziyamu wambiri ndi sodiyamu wochepa, ndipo anathandiza kwambiri impso. Chiwindi sanachithandize mokwanira. Thomas Starzl, amene anayamba kuika anthu chiwindi ku Denver mu 1963 n'kupambana koyamba mu 1967, ankagwira ntchito mothamanga kwa zaka zambiri chifukwa chiwindi chinkangopirira maola ochepa. Zinthu zinasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene Folkert Belzer ndi James Southard a ku University of Wisconsin anatulutsa madzi amene mpaka lero amatchedwa UW. M'madziwa muli lactobionate ndi raffinose, zinthu zazikulu moti sizingalowe m'selo, choncho zimakoka madzi kuti akhale kunja. Muli sitachi wapadera woletsa madzi kudzaza m'mipata ya pakati pa maselo. Muli adenosine, chipangizo chimene selo lidzamangire ATP magazi akabwerera, komanso glutathione ndi allopurinol zochepetsa poizoni amene tifotokoze posachedwa.

UW ali ndi zovuta zake. Ndi wokhuthala ngati phala lamadzimadzi, moti amalowa mochedwa m'timitsempha tating'ono. Potaziyamu wake ndi wokwana 125 pa muyezo umene magazi a munthu amakhala ndi 4, ndipo atati alowe onse m'thupi la wolandira angaimitse mtima. N'chifukwa chake asanatsegule magazi amayamba atsukanso chiwindicho kuti madziwa atuluke. Madzi ena otchuka ndi HTK a ku Germany, amene ndi opepuka ngati madzi akumwa ndipo amatsuka msanga koma amafunika ochuluka, ndi IGL-1 a ku France, amene anatembenuza muyezo wa mchere, sodiyamu kukhala wambiri potaziyamu wochepa. Madokotala amatsutsanabe kuti abwino koposa ndi ati. Ulendo ukakhala waufupi kusiyana kwake n'kochepa.

Kalongedzedwe kake alangizi a zaumoyo amene amanyamula katemera panjinga kupita kumidzi ya ku Khombedza kapena ku Mwansambo angakamvetse msanga. Iwo amadziwa kuti ayezi wochokera kumene mufiriji saikidwa pafupi ndi katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Amayamba amusiya panja mpaka atayamba kuchita thukuta n'kumveka madzi akamugwedeza, chifukwa katemerayo akauma ndi kuzizira watha ntchito. Chiwindi n'chimodzimodzi. Chimaikidwa m'thumba loyamba lodzaza madzi osungira aja, chomira chonse, mpweya n'kutulutsidwa, thumba n'kumangidwa. Thumbalo limalowa m'lachiwiri, lachiwiri m'lachitatu, ndipo pokhapo m'pamene chimakwiriridwa mu ayezi wosungunuka m'bokosi. Ayezi akakhudza chiwindi mwachindunji, kapena akakhala wozizira kupyola muyezo, madzi a m'maselo amaundana n'kukhala timinga tobaya khoma la selo, ndipo mbali imeneyo siidzadzukanso. Vuto lina ndi losiyana ndi limeneli: ayezi wochepa, bokosi losatseka bwino, galimoto yotentha. Nyengo ya Okutobala ya ku Salima ingasungunule ayezi wa m'bokosi lotere ulendo usanafike pakati. Pamwamba pa bokosi pamalembedwa gulu la magazi ndi nthawi imene aorta anapanidwa, ndipo m'katimo mumapitanso timitsempha topatula tochokera kwa wopereka yemweyo, toti adzalumikizire ngati mitsempha ya wolandira ili yoipa.

Mtima umapirira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi mu ayezi. Impso imatha tsiku lathunthu, nthawi zina kupitirirapo. Chiwindi chili pakati: chabwino kwambiri chingafike maola 12, koma madokotala ambiri amafuna chikhale chitalowa m'thupi asanakwane maola 8, ndipo chikakhala chofooka amafuna 6. Maola amenewa si a pamsewu okha. Muchotsepo nthawi yochichotsa m'thupi, yochilongedza, ndiponso ola limodzi kapena awiri ochikonza chikafika, kusenda minofu yosafunika ndi kusoka timitsempha todontha. Kaya chiwindi chikubwera kuno kaya chikupita kunja, ulendo wake ndi womwewo, ndiye yerekezani wopereka ali ku Nkhotakota. Kutsika ndi msewu wa kunyanja mpaka pa Salima, kukwera zitunda kukafika ku Lumbadzi, apo maola atatu kapena anayi apita. Ndege ya ku Johannesburg ndi maola awiri ndi theka, ngati yaima kale pabwalo ikudikira. Ulendo wa ku India, wodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, umapitirira maola 12 mukawerengera kudikira. Pamenepo bokosi lingafike, koma m'katimo mulibenso chiwindi choika munthu.

Apa tinenepo za mphekesera zimene zimamveka nthawi ndi nthawi, zoti anthu akuphedwa kutchire kuti ziwalo zawo zikaikidwe mwa anthu olemera kunja. Anthu aphedwadi m'dziko muno chifukwa cha ziwalo, ndipo ndi nkhanza yosaneneka, koma chimene chimachititsa ndi zikhulupiriro za zizimba. Chiwindi chochotsedwa popanda heparin, popanda madzi otsukira, popanda fiyeta, chimaundana magazi m'mphindi zochepa ndipo palibe chipatala chimene chingachigwiritse ntchito.

Chodabwitsa m'nkhaniyi n'chakuti kuwonongeka kwakukulu sikuonekera m'bokosi. Kumaonekera magazi akabwerera. Nthawi yonse imene chiwindi chinali chopanda okosijeni, m'timalo topangira mphamvu m'selo, totchedwa mitochondria, mumaunjikana chinthu chotchedwa succinate, ngati nkhuni zowunjikidwa pamoto wozilala. Okosijeni akalowa mwadzidzidzi pamodzi ndi magazi otentha, mulu wonsewo umayaka nthawi imodzi, ndipo m'malo mwa mphamvu mumatuluka poizoni wowotcha selo lomwelo. Maselo achitetezo okhala m'chiwindi amadzidzimuka n'kuitana anzawo a m'magazi, timitsempha timatupa n'kutsekeka, ndipo mbali zina zimasowanso magazi kachiwiri. Dokotala wogonetsa odwala amaziona pa makina ake: m'mphindi zisanu zoyambirira kuthamanga kwa magazi kumatha kugwa mwadzidzidzi, mtima n'kuyamba kudumphadumpha chifukwa cha potaziyamu, asidi ndi kuzizira zochokera m'chiwindi chatsopanocho. Amakhala atakonzeratu jakisoni wa kashiyamu ndi mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi ali m'manja. Nthawi yosoka nayo imawerengedwa, poti chiwindi chikatuluka mu ayezi n'kugona m'mimba yotentha chimafunda chilibe magazi. Mphindi 30 mpaka 45 n'zovomerezeka, kupitirira ola n'kuika chiwindi pachiswe.

Chiwindi chikavulala pang'ono chimadzuka mwaulesi, chikasu chimachedwa kutha, magazi amachedwa kuundana, koma pakapita masiku chimachira. Chikavulala kwambiri sichidzuka n'komwe. Ndulu situluka, magazi satseka pabala, wodwala satsitsimuka, ndipo popeza palibe makina ogwira ntchito ya chiwindi monga dayalisisi imagwirira ya impso, amafunika chiwindi china m'masiku ochepa.

Pali vuto lachitatu, lozembera, limene ife timaliona kuti ndi lopweteka kwambiri chifukwa limabwera banja litasangalala kale. Nyama ya chiwindi imadya kuchokera kumitsempha iwiri ija, koma njira za ndulu zimadalira hepatic artery yokha, kudzera m'timitsempha topyapyala ngati tsitsi. Timitsemphati tikawonongeka pa nthawi yosunga, wodwala amatuluka m'chipatala akuyenda yekha, koma pakatha miyezi iwiri, itatu, mwina isanu ndi umodzi, chikasu chimabwerera, thupi limayabwa, kutentha thupi ndi kunjenjemera kumabwera mobwerezabwereza. Akamujambula amapeza njira za ndulu zafinyika malo ambirimbiri m'kati mwa chiwindi, mofanana ndi ngalande za m'sikimu ya mpunga zikakwiririka ndi matope. Malo amodzi angatsegulidwe ndi kachubu, koma zikafinyika ponseponse mankhwala ake nthawi zambiri amakhala chiwindi china.

Vutoli limakonda ziwindi za opereka a mtundu wachiwiri, amene ubongo wawo sunafe koma palibenso chiyembekezo, ndipo banja ndi madokotala agwirizana kuzimitsa makina. Kwa otere amadikira mtima uime wokha, kenako padutse mphindi zisanu wina asanakhudze thupi, ku Italy mphindi 20. Nthawi yonse imene magazi akufooka mpaka kuima, chiwindi chimakhala chili chotentha chopanda okosijeni wokwanira, ndipo ikapitirira theka la ola zipatala zambiri zimachikana. Ziwindi zamafuta nazo sizipirira ayezi. Mafuta amafinya timitsempha, ndipo akazizira amalimba. Akapitirira magawo 30 pa 100 a chiwindi ngozi imakwera, akapitirira 60 ambiri sachiika. Chifukwa cha mantha amenewa ziwindi zambiri zinkatayidwa popanda wodziwa ngati zikanagwira ntchito, pamene odwala akumwalira ali pamzere. Bokosi la ayezi silinena kanthu za chimene lanyamula. Dokotala amangodalira maso, chala ndi mbiri ya wopereka.

Makina opopera madzi kapena magazi m'chiwindi chili kunja kwa thupi anabwera kudzatseka mpata umenewo, ndipo alipo a mitundu iwiri yosiyana maganizo.

Oyamba amasiya chiwindi chili chozizira koma amachipatsa okosijeni. Njirayi, yotchedwa HOPE, inakula ku Zurich pansi pa Philipp Dutkowski ndi Pierre-Alain Clavien. Chiwindi chimayenda mu ayezi mwa masiku onse, koma chikafika amachilumikiza ku pampu kwa maola awiri kapena kuposerapo, pamene madokotala ena akuchotsa chiwindi chodwalacho. Madzi a madigiri 8 mpaka 12, odzaza okosijeni, amalowa mu portal vein mofatsa kwambiri, pa mphamvu ya 3 mpaka 5 pa muyezo womwe timayezera BP. Akawonjezera mphamvu amasupula timaselo ta m'kati mwa mitsempha, chimene ndi cholakwika chodziwika pa makinawa. Pa kuzizira kotere mitochondria zimawotcha succinate uja pang'onopang'ono popanda kulilima, n'kudzazanso nkhokwe ya ATP, moti magazi otentha akamafika mulu wa nkhuni uja umakhala utatha. A ku Groningen, m'dziko la Netherlands, amapopera mitsempha yonse iwiri. Pa kafukufuku wawo amene anatuluka mu 2021, wokhudza odwala 160 olandira ziwindi za opereka amene mtima unaima, vuto la njira za ndulu lija linagwira 6 pa 100 mwa olandira ziwindi zopopedwa, poyerekeza ndi 18 pa 100 mwa olandira za mu ayezi yekha. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti pampu ikafa kapena magetsi akazima, chiwindi chimangokhala ngati chili m'bokosi, chozizirabe.

Achiwiri amakana kuzizira n'komwe. Amasunga chiwindi pa madigiri 37 chikugwira ntchito ngati chili m'thupi. Makina a OrganOx metra, opangidwa ku Oxford ndi Peter Friend ndi Constantin Coussios, anayamba kugwiritsidwa ntchito pa anthu ku London mu 2013. M'makinamo amathira mapaketi atatu a maselo ofiira a magazi, heparin, mankhwala opha tizilombo, insulini, chakudya chamadzi, mchere wa ndulu ndi mankhwala otsegula mitsempha. Pampu imagwira ntchito ya mtima, kabokosi kosefera mpweya kamagwira ya mapapo. Pakapita mphindi zochepa chiwindi chotumbululuka chija chimafiira, ndipo m'kachubu kolumikizidwa kunjira ya ndulu mumayamba kudontha ndulu, dontho limodzilimodzi, kugwera m'kabotolo kokhala ndi mizere yoyezera. Chingakhale momwemo mpaka maola 24. Pa kafukufuku wa mu 2018 wokhudza maopaleshoni 220, zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi zinatsika ndi theka, ndipo ziwindi zotayidwa zinachepanso ndi theka, ngakhale panalibe kusiyana kooneka pa mavuto a njira za ndulu.

Phindu lenileni la makina otenthawa ndi lakuti chiwindi chimayesedwa chisanalowe mwa munthu. Ola lililonse amatenga magazi pang'ono n'kuyeza lactate, asidi amene chiwindi chamoyo chimadya. Ku Birmingham anaika muyezo wakuti atsike kufika 2.5 kapena kucheperapo m'maola anayi. Amaonanso ngati magazi akuyenda bwino m'mitsempha yonse iwiri, ngati chiwindi chikugwiritsa ntchito shuga, ndiponso ngati chikusunga muyezo wa asidi popanda kuthiridwa soda pafupipafupi. Ndulu nayo imayezedwa. Njira za ndulu zamoyo zimayamwa shuga n'kuthira soda, choncho ndulu yabwino imakhala ndi shuga wochepa kuposa wa m'magazi ndipo sikhala ya asidi. A ku Birmingham anatenga ziwindi 31 zimene zipatala zonse za ku UK zinakana, n'kuziyesa motere. Zokwana 22 zinakhoza ndipo zinaikidwa mwa anthu, ndipo onse anali moyo patatha masiku 90, ngakhale ena pambuyo pake anavutika ndi njira za ndulu. Koma makinawa sakhululuka. Chubu chikapindika kapena chikatsomphoka, chiwindi chimakhala chotentha chopanda magazi, choncho pamafunika munthu wodziwa wokhala pambali usiku wonse, ndi madzi ozizira ali pafupi oti achitsukire mwansanga zinthu zikavuta. Magazi ofunda amakondedwanso ndi tizilombo. Ndipo zipangizo zake zimagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, pa mtengo umene ngakhale zipatala za mayiko olemera zimaganiza kawiri. M'dziko limene mayi wobereka amadikira paketi imodzi ya magazi, mapaketi atatu othira m'makina si nkhani yaing'ono.

Njira ina, yofala ku Spain, France ndi UK, imatsitsimutsa chiwindi chisanachoke m'thupi. Mtima ukaima ndipo imfa yatsimikizika, amalumikiza makina kumitsempha ya m'mimba, kutseka aorta kumtunda kuti magazi asafike kuubongo, n'kuyendetsa magazi a womwalirayo okhala ndi okosijeni kwa maola awiri. Ofufuza akukankhirabe malire. Ku Boston mu 2019 anasunga ziwindi za anthu pa madigiri 4 pansi pa ziro popanda kuundana kwa maola 20, poyesera chabe, osaziika mwa anthu. Mu 2022 a ku Zurich analengeza kuti anaika mwa munthu chiwindi chimene chinakhala m'makina masiku atatu. Izi sizinafike pokhala ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kwa banja la ku Salima kapena ku Nkhotakota, zonsezi zikufotokoza chifukwa chimene chipatala cha kunja chimanenera kuti wodwala abwere ndi m'bale wake. Chiwindi chimaphukanso chikadulidwa, choncho munthu wamoyo angapereke mbali. Kwa mwana amatenga kachigawo kakumanzere. Kwa wamkulu nthawi zambiri amatenga mbali yakumanja, yoposa theka la chiwindi chonse, bola woperekayo atsale ndi magawo osachepera 30 pa 100. Chigawo choperekedwacho chiyenera kukwana magalamu 8 pa kilogalamu iliyonse ya wolandira, moti munthu wa makilogalamu 60 amafunika magalamu osachepera 480. Apa ulendo wonse uja umafupika kukhala masitepe ochepa. Mafiyeta awiri amakhala oyandikana, magulu awiri a madokotala amauzana pamene afika, ndipo mitsempha ya wopereka siidulidwa mpaka wolandira atakonzeka. Chigawocho chikatuluka amachiyeza pa sikelo, kuchitsuka ndi madzi ozizira aja m'beseni, kukonza mitsempha yake, ndipo mu ola limodzi kapena awiri chimakhala chikulandira magazi. Pa miyezi iwiri kapena itatu mbali zonse ziwiri zimakula kufika pafupi ndi msinkhu wofunika.

Wopereka ayenera kuuzidwa chilungamo. Iyi ndi opaleshoni yaikulu pa munthu wosadwala, ndulu imatha kudontha pabala, ndipo ngakhale ndi ochepa, alipo amene anamwalira. Asakakamizidwe ndi akuluakulu a pabanja, ndipo lamulo la ku India limafuna umboni wa ubale komanso wakuti palibe ndalama imene yaperekedwa. Si m'bale aliyense angavomerezedwe. Kuno kunyanja zoyamba kuyezedwa ndi hepatitis B, imene katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana a m'dziko muno mu 2002 moti obadwa kale ambiri sanalandire, ndi likodzo la m'matumbo, limene limaumitsa chiwindi mwakachetechete mwa asodzi ndi amene anakulira m'madzi. Mowa, makamaka kachasu, ndi mafuta a m'chiwindi zimalepheretsanso. Banja limene likusonkha ndalama ya ulendo liyambe layezetsa gulu la magazi, hepatitis B ndi C, HIV, ndi kujambulitsa chiwindi kwa achibale awiri kapena atatu kuno konkuno, matikiti asanagulidwe.